Usipa Wanga pa Sikisi Julaye

Anthu a m'katauni kathu mpaka lero amati ine ndinanyoza dziko. Ena amati tsikulo ndinali nditasuta chamba. Sindinasutepo kanthu, ndipo dziko sindinalinyoze. Ndinavundukula nsomba zanga, basi. Ndilemba mmene zinayendera chifukwa ndatopa kumva nkhani yanga ikukambidwa kuchigayo ndi anthu amene tsiku limenelo anali atakhala pamthunzi, miyendo itasanjikizana.

Katauni kathu kali m'mbali mwa msewu wa tala, mukangopitirira Nkopola. Kali ndi mzikiti, matchalitchi awiri, chigayo, mashopu a anyamata obwerera ku Joni, ndi bwalo la mpira lomwe lili pakati pa msewu ndi nyanja. Kuseri kwa golo la kummwera ndi kumene kunali mathandala oyanikapo nsomba. Atatu mwa mathandalawo anali athu. Ndikuti athu, koma woyanikapo ndinali ine ndekha, chifukwa mayi anagwa ndi BP ine ndili Fomu 3, dzanja ndi mwendo wakumanja n'kufooka. Bambo anapita ku Joni ndili wamng'ono, ndipo chomwe anatitumizira ndi chithunzi ataima pafupi ndi galimoto ya eni ake. Choncho yunifomu ndinaipinda, n'kunyamula beseni. Palibe mphunzitsi ndi mmodzi yemwe amene anabwera kudzafunsa kuti mtsikana uja wasowa bwanji m'kalasi.

Chaka chimenecho mwera unawomba masiku asanu ndi anayi osapumira. Maboti anali atakokeredwa pamchenga, asodzi akungosewera bawo, ife kunyumba tikugonera phala lopanda shuga. Pa faifi Julaye mphepo inagwa, anthu n'kulowa m'madzi. M'mawa wa pa sikisi maboti anabwera atalemedwa ndi usipa mpaka madzi kufika m'milomo mwake. Ndinakhuthula kachitini konse komwe mayi ankasungamo mpamba wathu, n'kugula usipa wodzaza mathandala onse atatu. M'nyumba simunatsale kanthu kena koti tingadalire.

Usipa wofutsa sufuna ulesi. Umawiritsa madzi a mchere m'theka la diramu, n'kumizamo dengu la usipa kanthawi kochepa, kenaka n'kuuyala pathandala mopyapyala. Ukatero chotsala ndi dzuwa ndi mphepo. Tsiku loyamba ndiye mwini nkhani. Usipa ukapanda kupitidwa mphepo tsiku limenelo umachita thukuta, umafewa, mimba zimaphulika, ntchentche zimaikira, ndipo mawa lake umapeza mphutsi. Izi amazidziwa ngakhale mwana wa padoko amene sanayambe kuvala kabudula.

Pamene ndinkamaliza kuyala, katauni kanali katadzuka ndi chikondwerero. Miyala ya m'mbali mwa msewu inali itapakidwa laimu, mitengo nayonso mpaka m'chiuno, ngati yavala masokosi. Akabaza anamangirira timbendera kumahandulo. Ana a sukulu ankaguba pabwalo, aphunzitsi akuwakalipira kuti mwendo wamanzere ndi uwu, osati uwo. Abambo a gule wa beni anali kuseri kwa chigayo atavala makhaki awo, mamendulo a zitsekerero za mabotolo ali ngwe pachifuwa, akuwamba ng'oma pamoto. Tenti anabwereka ku gulu lothandiza pamaliro, mipando kuloji. Ankayembekezera mlendo wolemekezeka wochokera kuboma, amene anati afika teni koloko.

Ine zonsezi ndinalibe nazo vuto. Aliyense ndi tsiku lake. Langa linali la nsomba.

Ndiye kunabwera anthu awiri a komiti ya chikondwerero. Mmodzi anali atcheya, bambo wonenepa amene amagulitsa malata ndi simenti pamsewu. Winayo anali mlembi wa komiti, aphunzitsi anga akale a Histole, atavala suti yabuluu, faelo ili kukhwapa. Mphepo inali itayambanso pang'ono kuchokera kummwera, ndipo inkadutsa pamathandala athu n'kulunjika kutenti.

"Nsomba izi n'za ndani?" anafunsa aphunzitsi, mpango uli pamphuno.

"Mwandipeza ndili pano, sala."

"Zichoke. Pofika naini koloko pasapezeke kanthu pano."

"Zipite kuti?"

"Kunyumba kwanu, kapena kulikonse. Tinalengeza pachimkuzamawu dzulo kuti lero pasakhale zoyanika."

"Dzulo kunalibe nsomba, sala. Mwina nyanja sinamve chilengezo chanucho."

Anandiyang'ana kachiwiri, ndipo ndinaona kuti apa m'pamene andizindikira. Zaka ziwiri ndikudutsana nawo pamsika, sanandidziwepo.

"Kodi si iwe unkayambitsa nyimbo ya fuko pa asembule?"

"Ndine."

"Ndiye iwe uyenera kudziwa tanthauzo la tsiku la lero kuposa amayi enawa. Anthu anafera ufulu umenewu. Ukufuna alendo akanene chiyani za ife? Kuti kwathu kuno kumanunkha?"

"Kumanunkha kumene, sala. Ndi kunyanja kuno. Kukasiya kununkha mudziwe kuti tafa ndi njala."

Atcheya anaseka pang'ono, kenaka anakumbukira kuti ndi atcheya.

Thandala loyandikana ndi lathu linali la mayi wina amene ndimamutchula kuti amama. Anabadwira ku Mozambique, ndipo analowa muno kudzera ku Katuli ali kumsana nthawi ya nkhondo. Wakhala kuno moyo wake wonse, ana ake onse anabadwira kuno, komabe akaona munthu wonyamula faelo amangomvera chilichonse. Asanamalize n'komwe kulankhula aphunzitsi, iye anali atayamba kale kukokolola usipa wake wonyowa n'kumathira m'matumba.

"Amama, mukuchita chiyani? Uwola umenewo!"

"Ndikauyala pakhonde, mwanangu."

"Khonde lake liti? Lija losakwana ndi mphasa imodzi?"

"Siya. Anthu a mapepala sukangana nawo," anatero osandiyang'ana.

Amayi ena awiri anatsatira. Ine ndinakhala pansi patsogolo pa mathandala anga, n'kutambasula miyendo.

"Ndinyamuleni ine kaye," ndinatero.

Mayi anga anali pamkeka pansi pa mtengo wa kesha, pomwe ndimawakhazika tsiku lililonse ndi kandodo kopirikitsira akhwangwala. Anandiitana ndi mawu awo olemera aja a chigwereni.

"Subira, mwanangu. Ugwire mtima. Ndi akuluakulu awa."

Atcheya ndiwo anabwera ndi nzeru imene ankaiona ngati yachifundo. Anati nsomba zisachoke, koma azifunditse. Kushopu kwawo kunali mpukutu wa pepala lakuda la pulasitiki lija timafolera nyumba tisanaike udzu. Anati alifunditsa pamathandala onse atatu, m'mbali n'kukoleka nsalu za mitundu ya mbendera, ndipo mlendo akayang'ana adzangoona ngati ndi zokongoletsa.

"Pepala lakuda padzuwa?" ndinafunsa. "Mukufuna mundiphikire nsomba kachiwiri?"

"Ndi maola awiri okha, chemwali. Bwana akafika teni, thwelofu wapita. Usipa sungafe kawiri."

Munthu wobadwira pamchenga pomwepa, bambo ake anali msodzi, koma simenti inamuiwalitsa zonse. Ndinayang'ana mayi. Anali akugwedeza mutu kuti ndivomere, diso lawo lofooka lija likutuluka misozi monga limachitira. Ndinavomera chifukwa cha iwo. Ichi ndiye chinthu chokha chimene ndimadziimba nacho mlandu pa tsiku lonselo.

Anafunditsa, n'kutsindira m'mbali ndi njerwa. Anaikanso abambo awiri achitetezo cha m'mudzi, aliyense ndi chibonga chake, kuti ayang'anire. Mmodzi mwa iwo ndimamugulitsa usipa wa ndiwo pafupifupi tsiku lililonse. Sanathe kundiyang'ana kumaso.

Teni koloko inakwana. Mlendo kulibe. Ana a sukulu anaimikidwa m'mizere padzuwa, timbendera ta mapepala tili m'manja. Leveni inakwana. Abeni anavina kuti anthu asabalalike, anavinanso kachiwiri, mpaka mkulu wawo anakhala pansi n'kuvula nsapato. Wachimkuzamawu ankangoti alendo athu ali m'njira, anyamuka kale, tiyeni tiwombe m'manja. Anthu ankawombera m'manja msewu wopanda kanthu. Kamtsikana kena ka pulayimale kanakomoka, anakanyamulira kumpopi. Ogulitsa mafiriziwesi ndi chinangwa chokazinga okha ndiwo ankasangalala ndi ufulu.

Ine ndinkangoyang'ana pepala lija. Linali litayamba kunyezimira, mpweya ukuvina pamwamba pake. Itadutsa thwelofu ndinapita n'kulowetsa dzanja pansi pake. Munali motentha ngati m'kamwa mwa munthu. Madontho a madzi anali lende lende kunsi kwa pepala, akugwera pansomba. Nditatola usipa umodzi unandiphwanyikira m'zala. Fungo nalo linali litasintha. Usipa wabwino umanunkhira mchere ndi nyanja. Uwu unali utayamba kafungo kowawasa, kamene aliyense woyanika nsomba amakamva m'mimba asanakamve m'mphuno.

"Achimwene, tandilolani nditsegule mbali imodzi yokha," ndinapempha wachitetezo uja.

"Chemwali, ine ndangotumidwa."

"Nunkhizani nokha."

"Ndamva kale. Koma akandiona atcheya, ine ntchito yatha."

Ndinapita kutenti. Aphunzitsi anali akukonza maluwa apulasitiki patebulo.

"Sala, maola awiri aja akwana kalekale. Nsomba zikuwonongeka."

"Iwe, ukuona kuti ndili ndi zambiri. Dikira."

"Mpaka liti?"

"Mpaka mwambo utatha. Vuto lako ndi lomweli, kupupuluma. N'chifukwa chake sukulu inakukanika."

Ndikanayankha ndikanalankhula mawu oti mayi sakanathanso kupita kumzikiti osachita manyazi. Sukulu sinandikanike ine. Mayeso awo a Histole omaliza omwe ndinalemba ndinaposa kalasi yonse, ndipo anandiimika kutsogolo kuti anzanga andione. Ndinabwerera kumathandala mano ali gwa.

Azana ya masana itamveka kumzikiti, m'pamene galimoto zitatu zinakhota pamsewu, fumbi lili koboo. Anthu anakuwa, amayi nthungululu, ana akugwedeza timbendera tomwe tinali titafota kale m'manja. Mlendo anatsika, bambo wamfupi wa magalasi akuda, n'kuyamba kugwirana chanza ndi mzere wonse wa akuluakulu. Ndinawerenga m'mutu zomwe zinali kutsogolo: pemphero la ashehe, pemphero la abusa, mawu a atcheya, mawu a mfumu, ndakatulo za ana, magule, kenaka mlendo mwiniwake. Dzuwa likanapendeka nsomba zanga zikadali m'kati mwa ng'anjo ija.

Kenaka aphunzitsi anagwira chimkuzamawu.

"Tonse tiimirire, tiimbe nyimbo ya fuko lathu. Zipewa pansi. Pasapezeke woyenda, pasapezeke wolankhula. Ndipo lero tiimba mavesi onse atatu, osati imodzi yokha ngati anthu aulesi."

Bwalo lonse linaima. Ogulitsa anatula mabeseni. Akabaza anatsika panjinga. Achitetezo anga awiri anaika zibonga pansi, manja m'mbali, zifuwa patsogolo, maso kumbendera. Kwathu kuno nyimbo imeneyi ikayamba, ngakhale mavu akulume, umapirira mpaka ithe. Tinakwapulidwira zimenezi kusukulu tonsefe.

Ine nyimboyi ndinaiyambitsa Lolemba lililonse kwa zaka ziwiri ndi theka. Ndimadziwa kutalika kwa vesi iliyonse, ndimadziwanso kuti ana a pulayimale amaikoka ngati nyimbo ya maliro. Sindinganame kuti ndinaganiza nthawi yaitali. Atangoyamba mzere woyamba ndinagenda njerwa yoyamba pansi.

Vesi yoyamba ndinathana ndi thandala la kufupi ndi nyanja. Njerwa zinali zambiri, ndipo nsalu ya mbendera anaimanga ndi waya, ndinachita kuimasula bwinobwino n'kuipinda, chifukwa nsaluyo sinandilakwire. Pepala nditalikoka, nthunzi inatuluka ngati ndavundukula mphika. Wachitetezo uja ankandiona ndi ngodya ya diso.

"Chemwali," ananong'ona, milomo yokha ikuyenda. "Chemwali, chonde."

"Imbani, achimwene. Pasapezeke wolankhula."

Vesi yachiwiri anthu ambiri saidziwa, amangong'ung'udza, choncho phokoso la pepala linamveka bwalo lonse. Mitu sinatembenuke, koma maso onse anali kwa ine. Ndinawaona aphunzitsi kutenti, chimkuzamawu chili pakamwa, akuimba mokweza, nkhope ikufufuma, diso lili pa ine ngati andilase nalo. Sakanasiya kuimba. Iwo ndiwo ankatsogolera, mlendo ali pambali pawo, ndipo mavesi atatu anawafuna okha.

Pepala lachitatu linandipulumuka. Mphepo inalitenga, n'kulikweza m'mwamba, likuphupha ngati chimbalame, n'kukalikoleka pamtanda wa golo. Linakhala pamenepo likuwomba phaphapha mpaka nyimbo inatha. Pambuyo pake panatsatira fungo lonse lomwe linasonkhana maola asanu, ulendo wa kutenti. Likanakhala fungo la m'mawa lija, bwenzi pena mlendo sanalimve n'komwe. Ili analipanga okha.

Nyimbo isanathe ndinali nditayamba kale kutembenuza nsomba ndi manja onse awiri. Mayi anali ataimirira chogwira mtengo, monga amachitira nyimboyi ikamaimbidwa ngakhale mwendo ukuwawa. Sanandiyang'ane.

Anthu atangokhala pansi, aphunzitsi anadutsa bwalo lonse chothamanga, tayi ili paphewa.

"Wachita chiyani? Ukudziwa chimene wachita iwe? Pamaso pa alendo! Nthawi ya nyimbo ya fuko!"

"Munati thwelofu, sala."

"Wanyoza mbendera! Wanyoza anthu amene anakhetsa magazi!"

"Tolani umodzi apa," ndinatero, ndikuwapatsa usipa wa pathandala lapakati. "Tolani, muufinye."

Sanatole.

"Amene anakhetsa magaziwo sindikuwadziwa nkhope, koma munatiphunzitsa nokha kuti ankafuna tizidya za m'dziko mwathu. Zathu zake ndi izi. Mwazifunditsa pepala kuti munthu wa magalasi asazione."

"Ndiitana apolisi."

"Aitaneni. Abwere ndi manja, andithandize kutembenuza."

Anaima pamenepo akupuma mwamphamvu. Kutenti ashehe anali atayamba kale pemphero, ndipo mlembi ankafunika kuti aitane wotsatira. Anandiloza ndi chala, n'kubwerera. Apolisi sanabwere. Achitetezo anatola zibonga zawo n'kusunthira kumthunzi, ndipo palibe anayesanso kufunditsa. Mwambo unapitirira mpaka cha m'ma folo. Mlendo analankhula nthawi yaitali za achinyamata, kuti ndife atsogoleri a mawa ndipo tizidzidalira. Ndinamva zonse ndili chowerama, ndikutola usipa wophulika mimba n'kumaponya m'ndowa.

Dzuwa lomwe linatsala linali lochepa, koma mphepo inandithandiza. Mathandala awiri a m'mbali anapulumuka, ngakhale usipa wake unada ndipo sunawale ngati wofutsa bwino. Lapakati, pomwe ndinayala mochindikala chifukwa malo anachepa, linapita lonse. Mawa lake linali phala lonunkha. Ndinapatsa bambo wina woweta nkhuku, amene anachita kundiuza kuti akundichitira chifundo.

Amama aja a thandala loyandikana zawo zinali zoipa kuposa zanga. Pakhonde panakwana thumba limodzi lokha, enawo anagona omanga. M'mawa ndinawapeza kuseri kwa nyumba yawo akukumba dzenje, ntchentche zili ng'waa. Ndinawalanda khasu n'kukumba ine. Titakwirira anati, "Iwe uli ndi mtima wa mwala, mwanangu," ndipo sindinadziwe ngati akundiyamikira kapena akundidandaula. Ndinawagawira beseni limodzi la wanga wakuda uja kuti apeze poyambira. A komiti palibe anapita kukawaona.

Patatha masiku atatu anandiitana kukomiti ya padoko. Atcheya aja a chikondwerero analipo, aphunzitsi analiponso ndi faelo yawo. Anati nkhaniyi itha mosavuta: ndipepese pamaso pa anthu Lachisanu, mathandala akhale pomwe ali. Ndikakana, ndichotse mathandala anga pafupi ndi bwalo, ndikamange kutsidya kwa kamtsinje, komwe kulibe mthunzi ndipo madzi ofutsira umachita kusenza mtunda.

Mayi anandipempha usiku wake kuti ndingopepesa, pakamwa sipatha. Ndinawauza kuti ndikhoza kupepesa kwa iwo, chifukwa ndinawachititsa manyazi, ndipo ndinapepesadi. Koma kuima pagulu n'kunena kuti ndinalakwa kupulumutsa chakudya chathu, pomwe amene anawoletsa nsomba za amama akhala pampando akugwedeza mutu, zimenezo ayi.

Kukomiti ndinafunsa funso limodzi lokha.

"Thandala langa lapakati lija, ndi matumba a amama, apepese ndani?"

Atcheya anayang'ana aphunzitsi. Aphunzitsi anatsegula faelo n'kuyamba kufunafuna pepala lina lake.

Mitengo ya mathandala ndinazula ndekha Loweruka, n'kuisenza umodziumodzi kuwoloka kamtsinje. Inanditengera masiku awiri. Kumeneko n'kutali, ndipo mayi sangafikeko ndi mwendo wawo, choncho masiku ano amatsala kunyumba, akhwangwala ndimalimbana nawo ndekha. Usipa wa mathandala awiri aja anagula mayi wina wa ku Katuli, atandinyoza kaye kuti ndi wakuda. Zomwe anandipatsa zinakwana kugulanso nsomba mwera utaleka, ndi mankhwala a mayi a mwezi umenewo.